Wodwala maganizo akapalamula, ndalama yomuchizira ichokere kuti?

NaSakala: Muli bwanji nonse akuluakulu a pagulu pano. Pepani, ndilemba zambiri chifukwa zandikwana. Ndili ndi mlongo wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, dzina sinditchula. Matenda a maganizo anamuyamba ali giredi 11. Ankamva mawu amene ife sitinkamva, usiku osagona, kumangozungulira pabwalo. Tinayenda naye kwa asing'anga ndi kumapemphero mpaka mbuzi za amayi zinatha m'khola. Pomaliza kuchipatala anamuika pa nyeleti ya mwezi ndi mwezi, ndipo anakhala bwinobwino zaka zinayi. Anali ndi dimba lake, tomato amene ndinkagulitsa pamsika anali wolima iyeyo.

Chaka chatha nyeleti ija inasowa pa kiliniki yathu miyezi itatu yotsatizana. Anatiuza kuti tikagule tokha m'tauni. Mwezi woyamba ndinagula. Wachiwiri ndinalephera, ana anali atatsegulira sukulu. Wachitatu, usiku wina, anatentha chigafa cha fodya cha anansi athu kumudzi, ati m'kati mwake munali anthu amene ankamuitana. Palibe anafa, koma fodya wa chaka chonse anapsa. Sindikukana kuti analakwa, ndipo anthu aja mpaka lero ndimalephera kuwayang'ana kumaso.

Kukhoti anati ayambe wakapimidwa ku Lusaka kuti adziwe ngati mutu wake ungathe kuyankha mlandu. Pano yakwana miyezi 14 ali pa rimandi. Tsiku la mlandu likafika timangomva kuti galimoto palibe, mwina mafuta palibe, mwina kumene akupitako kulibe malo. Sabata yatha nditakamuona anandiyang'ana ngati mlendo. Akaidi anzake ndiwo amamukakamiza kudya. Funso langa ndi ili: boma lamudyetsa miyezi 14. Ndalama ya nsima yonseyo sikanamufikitsa ku Lusaka ndi kumugulira nyeleti? Ndalama yochizira anthu ngati iye imayenera kuchokera kuti, ndipo ndikagogode pakhomo pa yani?

aBanda (woyang'anira gulu): Pepani kwambiri amayi. Musanayambe kuyankha nonse, nkhaniyi ndi ya munthu wamoyo, ndiye tilankhule mwaulemu. Osatchula maina a anthu kapena a maofesi.

Jere wa njinga: Pepani amama, koma ine ndinena zimene ndimaona. Anyamata ambiri amene timawatcha ofuntha muno m'Chipata anachita kudzifunthitsa okha ndi chamba ndi kachasu. Ndimagwira ntchito pa siteji tsiku lonse, ndimawaona. Amayi anga ali ndi BP, mapilitsi akasowa kuchipatala timagula tokha. Ndiye boma lisiye mayi amene sanalakwire munthu, lithamangire kuchiza wotentha nyumba za anthu? Ndalama ndi yochepa, ayambe osalakwa.

NaSakala: AJere, mlongo wanga sasuta ngakhale fodya wamba. Anali m'kwaya.

Jere wa njinga: Sindikunena iyeyo amama, ndikunena ambiri.

Amake Chikondi: Ine ndawerenga mtima ukugunda. NaSakala, sindikulimbana nanu, koma mundilole ndinene mbali inayo, chifukwa pa nkhani zotere ife sititchulidwa. Atate anga anamenyedwa ndi mpini wa khasu ali kumunda kwawo, ndi mnyamata wa m'mudzi mwathu momwemo amene mutu wake sunali bwino. Anagona masiku asanu m'chipatala, n'kutisiya. Bokosi tinagula tokha, chakudya cha pamaliro tinapempha kwa abale. Amayi anatsala ndi ana atatu a sukulu. Palibe wa boma anabwera kudzafunsa ngati usiku timagona. Amayi mpaka lero safika kumunda kuja, amati amawaona atate atagona pamzere. Amenewo si matenda a maganizo? Ndani anawalipirira? Mlandu suola. Ndikamva kuti tipeze ndalama yosamalira wolakwa, m'mimba mwanga mumatentha.

NaSakala: Amake Chikondi, ndilibe mawu. Pepani. Pepani ndithu.

aMbewe a ku Katete: Ndine namwino, ndagwira ntchito ndi odwala maganizo zaka zambiri. Amake Chikondi, zimene mwanena za amayi anu ndi matenda enieni ndipo amachizika. Ndilembereni kumbali ndikuuzeni poyambira.

AJere, mbali ina mwanena zoona. Chamba ndi mowa zimadzaza mawodi athu, ndipo tujilijili ngakhale analetsa mu 2012 kachasu sanathe. Koma wodwala chifukwa cha chamba nayenso ndi wodwala, ukamutsekera wosamuchiza amatuluka ali chimodzimodzi. Ndiponso ambiri sakhudzana ndi chamba ayi. Matenda onga a mlongo wa NaSakala amakonda kugwira achinyamata, wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Ena ndi a khunyu, amene akadzuka pamene anagwa amakhala osokonezeka kwa kanthawi, angathe kukankha munthu osadziwa. Kuno ku Katete ndi ku Petauke ofufuza anapeza kuti khunyu yambiri imayamba ndi njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, zimene mphutsi zake zimakafika ku ubongo. Mwana wotere wadzilodza yekha?

Chimene ndifuna mumve ndi ichi. Mankhwala amene timagwiritsa ntchito kwambiri, monga chlorpromazine, haloperidol, nyeleti ya fluphenazine imene ambiri amaitcha modecate, ndi artane wothandiza thupi likauma, ndi akalekale ndipo sali m'gulu la mankhwala okwera mtengo. Vuto ndi loti akasowa palibe amene amakuwa. ARV akasowa sabata imodzi dziko lonse limamva, ndipo ndi bwino kuti limve. Nyeleti ya wodwala maganizo ikasowa, banja limangokhala chete chifukwa cha manyazi. Ife timakamva nkhaniyo apolisi atabwera naye atamangidwa manja. Ndipo ndinene momveka, odwala athu ambiri sapweteka munthu. Iwo ndiwo amamenyedwa, kugendedwa miyala ndi ana, akazi kupatsidwa mimba ndi anthu amene amadzitcha abwinobwino.

aTembo opuma ntchito: Ndakhala chete kuti ndimve kaye. Ine ndinagwira ntchito ya ndende zaka 27, kuyambira nthawi imene tinkatchedwa Prisons Service, tisanasinthidwe kukhala Correctional Service mu 2016. Mwana wanga NaSakala, zimene akukuuza za galimoto ndi mafuta si kuti onse akukunamiza. Ndikufotokozere mmene zimakhalira.

Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road. Wa pa rimandi sungamukweze basi yekha. Pafunika galimoto, dalaivala, asilikali omuperekeza osachepera awiri, mafuta opita ndi obwerera, ndi ndalama yoti anthu amenewo adye ndi kugona. Galimoto yomweyo ndiyo imatenga akaidi kupita kukhoti, kutenga nkhuni, kuthamangira kuchipatala wina akakomoka usiku. Ndiye mkulu wa ndende amadikira kuti opita ku Chainama, chipatala cha odwala maganizo cha ku Lusaka, achuluke, apite ulendo umodzi. Kudikirako ndiye miyezi imene ukuwerengayo.

Ndipo pali mpata umene anthu amagweramo. Ndende zili pansi pa unduna wa Home Affairs. Zipatala ndi mankhwala zili pansi pa unduna wa zaumoyo. Amene walamula kuti munthu akapimidwe ndi khoti, lomwenso lili ndi thumba lakelake. Aliyense amaona kuti ndalamayo ituluke kwa mnzake. Ndalama ya chakudya imabwera ndithu chifukwa mkaidi akafa ndi njala mlandu ndi wako. Ya mutu wake ilibe mwini.

Chimene sindidzaiwala ndi usiku. Tikatseka maselo madzulo sititsegula mpaka m'mawa. M'chipinda chomangidwira anthu ochepa mumagona ochuluka kuposa kawiri, ena chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake. Tsono mmodzi ayambe kukuwa pakati pa usiku kuti akumuthamangitsa. Anzake atopa, ali ndi nkhawa za milandu yawo. Amamumenya kuti akhale chete. Kapitawo wa selo akakhala wa mtima wabwino amamuika pakona n'kumufunditsa. Ife sitinaphunzitsidwe chilichonse cha matendawa. Tinkati ndi mwano, n'kumupatsa chilango. Pali nkhope ziwiri zitatu zimene ndimazikumbukira ndikamapemphera, chifukwa ndikudziwa tsopano kuti sanali amwano.

Mphunzitsi Daka: Zikomo atate aTembo. Zimene mwanenazi zikugwirizana ndi lipoti la Human Rights Watch la 2010, limene linapeza kuti ndende zonse za m'Zambia zinali ndi dokotala mmodzi yekha wa akaidi oposa 15,000. Zina zasinthako kuchokera nthawi imeneyo, koma onani pamene tinayambira.

aTembo opuma ntchito: Nthawi imeneyo ndinali pantchito. Panado ndiye anali mankhwala a matenda onse.

aZulu a zamalamulo: Ine si loya, ndimathandiza anthu kumvetsa malamulo ndi kulemba makalata. Ndilongosole pang'ono chifukwa ambiri amaganiza kuti ukangoti ndine wamisala ndiye kuti wapulumuka. Sizili choncho ngakhale pang'ono.

Pali mafunso awiri osiyana. Loyamba, kodi lero munthuyu angathe kumva zimene zikunenedwa m'khoti ndi kudziyankhira? Zimenezi zili mu Criminal Procedure Code, ndime 160 ndi 161. Lachiwiri, kodi tsiku limene anachita chinthucho mutu wake unkadziwa chimene akuchita, kapena kuti n'cholakwa? Izi zili mu Penal Code ndime 12, ndi ndime 167 ya Criminal Procedure Code. Khoti likapeza kuti anachitadi koma mutu sunali bwino, sapita kunyumba. Amasungidwa mpaka Pulezidenti adzalole kuti atuluke. M'ndende amawatcha a HEP, kutanthauza His Excellency's Pleasure, osungidwa mwa kufuna kwa Pulezidenti. Ambiri amasungidwa ku Chainama East, malo osungira akaidi odwala maganizo ku Lusaka. Tsiku lotuluka sililembedwa. Wolamulidwa zaka zisanu amawerenga masiku ake, koma wa HEP alibe chowerenga, ndipo angathe kukhalitsa kuposa amene anachita mlandu womwewo mutu uli bwino. AJere, imeneyo si njira yothawira.

Pa malamulo tinayendako. Lamulo lakale la 1949, la nthawi ya atsamunda, linkatchula odwala ndi maina achipongwe, ndipo mu 2017 High Court inagamula kuti mawu amenewo akutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2019 kunabwera Mental Health Act yatsopano. A United Nations nawonso mu 2015 anagwirizana za malamulo osungira akaidi otchedwa Nelson Mandela Rules, amene amati mkaidi alandire chithandizo chofanana ndi cha munthu wa kunja, ndipo wodwala maganizo kwambiri asasungidwe m'ndende koma apite kuchipatala. Papepala zonse zilipo. Koma pepala siligula dizilo.

NaSakala, pitani ku Legal Aid Board. Loya angathe kukumbutsa khoti kuti lamulo lake lomwe lakhala miyezi 14 osatsatidwa, ndi kupempha kuti pamene akudikira ayambirenso mankhwala konkuno. Mutenge kadi lake la kukiliniki, ndi umboni waukulu.

NaSakala: Zikomo aZulu. Kadi lija sindikudziwa ngati lilipo, ankasunga ndi amayi kumudzi. Ndiwaimbira. Koma mwandiopsa ndi za HEP. Ndiye kuti akapimidwa n'kupezeka wodwala, mwina sindidzamuonanso kunja?

aZulu a zamalamulo: Sindikufuna kukunamizani kuti ndi zophweka. Amatuluka ndithu ena, madokotala akalemba kuti ali bwino ndipo abale akaonetsa kuti ali okonzeka kumulandira. Amene amaiwalika ndi amene abale awo analeka kufunsa. Loya akuuzani njira yabwino pa mlandu wake, ine ndisapitirire malire anga.

Mphunzitsi Daka: Tibwerere ku funso la ndalama, chifukwa ndilo NaSakala anafunsa. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ife timakhala pansi pa pamenepo. Ndipo pa ndalama ya zaumoyoyo, imene yakhala ikupita ku matenda a maganizo sifika ngakhale 1 peresenti, yambiri n'kuthera ku Chainama, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1962 ndipo mpaka lero ndicho chachikulu chokha cha matendawa m'dziko lonse. Tsono wa m'ndende ya kuno kum'mawa angapate chiyani pa kachidutswa ka kachidutswa?

Ine maso anga ali pa CDF, ndalama ya chitukuko imene boma limapereka ku constituency iliyonse. Mu 2021 inali K1.6 miliyoni pa constituency. Mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, 2023 K28.3 miliyoni, 2024 K30.6 miliyoni. Ndalama imeneyi yagula madesiki, yamanga makiliniki, yagulanso magalimoto a apolisi ndi maambulansi. Ngati inagula galimoto ya apolisi, chingalephereke n'chiyani kuti imange kachipinda ka mabedi anayi pa chipatala cha boma, kotetezedwa bwino, koti wodwala amene ali pa mlandu azigonekedwamo m'malo mwa selo?

Jere wa njinga: Aphunzitsi, CDF ndi ya ife. Kwathu ana amawoloka mtsinje popita kusukulu, mlatho palibe. Mukapita ku msonkhano wa wadi n'kunena kuti timange chipinda cha akaidi ofuntha, akakuthamangitsani.

Mphunzitsi Daka: Mwina akandithamangitsadi. Koma mlatho ndi chipinda si adani. Ndipo wogonamo si mlendo wochokera ku Kitwe, ndi mwana wa m'wadi momwemo.

aTembo opuma ntchito: Aphunzitsi, maganizo anu ndi abwino koma ndaona nyumba zambiri zomangidwa bwino zokhala zokhoma. CDF imamanga, siilipira malipiro a mwezi ndi mwezi. Chipinda chopanda namwino ndi msilikali wolondera chidzasanduka mosungira matumba a simenti. Ine ndikanakhala ndi mphamvu ndikanayamba ndi chinthu chaching'ono. M'malo monyamula odwala khumi kupita nawo ku Lusaka, nyamulani dokotala mmodzi abwere kuno. Oweruza a High Court kalekale ankayenda m'zigawo kukaweruza milandu. Dokotala wopima mutu alephera bwanji kubwera ku Chipata kamodzi pa miyezi itatu, n'kupima onse a ku Lundazi, Chadiza, Katete, Petauke ndi Nyimba? Munthu mmodzi pa basi, poyerekeza ndi galimoto yodzaza asilikali.

aMbewe a ku Katete: Atate aTembo mwalasa pamene ndimafuna. Madokotala aakulu a matendawa ndi ochepa kwambiri ndipo ambiri ali ku Lusaka, koma ma clinical officer ndi anamwino ophunzira za maganizo tilipo m'zigawo, ambiri tinaphunzira ku koleji ya ku Chainama komweko. Ku Chipata Central Hospital kuli chigawo cha odwala maganizo. Lipoti la kukhoti mwina lifune dokotala wamkulu, koma kulasa nyeleti ndi kuona mmene munthu akupezera sikufuna Lusaka. Chofunika ndi tsiku lokhazikika, mwachitsanzo Lachitatu lililonse, loti mmodzi wa ife alowe m'ndende ndi bokosi la mankhwala. Anzathu a HIV ndi TB amachita zimenezi kale, chifukwa mapulogalamu awo ali ndi ndalama ya mafuta. Ifeyo tingakwere galimoto yomweyo. Nthawi zina chimene chimasowa ndi siginecha chabe ya akuluakulu awiri.

Koma ndisabise, ngakhale titalowa m'ndende, tikamutulutsa munthu ali bwino n'kumubwezera kumudzi kumene kiliniki ilibe nyeleti, pakatha miyezi itatu abwereranso. Ndawaona obwerera katatu. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ndalama yoyamba ipite pa shelefu ya kiliniki ya kumudzi.

Amake Chikondi: Pali chimene sindinanene dzulo. Mnyamata amene anapha atate, mudzi wonse unkadziwa kuti akudwala. Abale ake anamumangirira ndi unyolo pa mtengo wa mango pafupifupi zaka ziwiri. Tinkadutsa pomwepo popita kumjigo, tikumuona, mvula ikumunyowetsa. Amayi ake anapitapo naye kuchipatala kamodzi, anawauza kuti azibwera mwezi uliwonse, koma kuchokera kwathu ndi ulendo wa tsiku lonse ndipo analibe ya njinga. Tsiku limene anadula unyolo ndilo anakumana ndi atate. Usiku wathawu sindinagone, ndimaganiza za zimene aMbewe alemba. Akanakhala kuti ankalandira nyeleti ija, kodi atate akanakhala moyo? Sindinamukhululukire, ndipo musandipemphe kutero. Koma ngati ndalamayo ingachititse kuti mwana wina asaike atate ake m'manda mmene ndinaikira ine, ilipidwe. Chokhacho, polemba zopempha zanuzo mulembemonso ife. Wopwetekedwa naye apatsidwe womumvera.

Abusa aMwale: Amayi, Mulungu akutonthozeni. Palibe amene akukakamizeni kukhululuka pagulu pano. Ndipo mwatikumbutsa tchimo lathu tonse, lodutsa pa mtengo wa mango uja osaima.

Ine ndimalowa m'ndende ndi anzanga a mpingo kawiri pamwezi. Timanyamula sopo, shuga, nthawi zina mabulangete. Ndivomere pamaso panu kuti ife a mipingo tinachedwetsa anthu ambiri. Tinkauza mabanja kuti ndi ziwanda, asale kudya, ataye mapilitsi aonetse chikhulupiriro. Ndinasiya zimenezo nditaika m'manda mnyamata wa mumpingo mwanga. Lero ndimapemphera naye wodwala kenaka ndimamufunsa ngati wamwa mankhwala. Chopereka cha sopo chija tingathe kupatulako gawo la mankhwala. Koma mpingo usalowe m'malo mwa boma. Amene watsekera munthu ndi boma, ndipo ukamutsekera munthu wamulanda njira zonse zodzithandizira. Sangapite yekha kuchipatala, sangagwire ganyu kuti agule pilitsi. Wosunga kiyi ndiye asunge ndi moyo wake.

Jere wa njinga: Apo abusa ndamva. Amayi anga angathe kutuma ine ku famase, uja sangatume munthu. Koma ndalama isachoke pa mankhwala a BP. Ichoke kwa ogulitsa mowa. Mabala ali paliponse, ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika, ena amatsegula m'mawa ana akupita kusukulu. Boma limatenga kale msonkho pa mowa ndi fodya. Apatuleko pamenepo.

Mphunzitsi Daka: AJere, mfundo imeneyo ndi yamphamvu kuposa yanga ya CDF. Msonkho wa mowa ndi fodya umalowa m'thumba lalikulu la boma n'kusakanikirana ndi zina zonse. Kupatula gawo lake kuti likhale la matenda a maganizo ndi a uchidakwa kufuna nyumba ya malamulo, ndiye ndi nkhani yokauza aphungu athu. Palinso NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo. Ife apantchito amatidula 1 peresenti mwezi uliwonse, wotilemba ntchito n'kuikapo 1 peresenti ina. Wa pa rimandi salandira malipiro ndipo sangasonkhe. Boma likanamusonkhera pa nthawi imene lamusunga, ndalamayo izitsata munthuyo kulikonse kumene wagonekedwa.

NaPhiri wa ku Lundazi: Ine ndingofunsa, nanga akazi? Kwathu mtsikana wina atangobereka mutu unasokonezeka, anasiya khanda kuthengo. Mwayi anthu analipeza lamoyo. Anamutengera kupolisi anthu akumukuwiza. Palibe anaganiza zoti akudwala.

aMbewe a ku Katete: Amenewo ndi matenda odziwika amene amagwira amayi ena m'masabata oyamba atabereka, ndipo amachira bwino akathandizidwa msanga. Wotere malo ake ndi kuchipatala, khanda lili pafupi moyang'aniridwa. Apolisi a Victim Support Unit akanaphunzitsidwa kuzindikira zimenezi, milandu ina sikanafika n'kukhoti komwe. Maphunziro a masiku ochepa okha amasintha zambiri.

aPhiri a ku Chadiza: Ndine nduna ya anyakwawa kwathu. Ndawerenga zonse. Milandu yonga ya chigafa kale inkathera pabwalo. Akuchimuna ndi akuchikazi a wolakwa ankasonkha, mwini fodya n'kulipidwa, wodwala n'kuperekedwa m'manja mwa malume ake kuti amuyang'anire. Sindikunena kuti milandu ya magazi ibwerere kwa mafumu, imeneyo ndi ya boma. Koma taonani apa. Mnyamata wakhala miyezi 14 m'ndende, mwini chigafa walandirapo chiyani? Ngakhale tsamba limodzi la fodya silinabwerere. Akanakhala kunja akumwa mankhwala, bwenzi atalima nyengo imodzi n'kuyamba kubweza. Pano aluza mwini fodya, aluza NaSakala, laluza boma. NaSakala mwana wanga, kodi akuluakulu a kwanu anapitako kwa anansiwo kukagwada?

NaSakala: Amalume anapita ndi nkhuku sabata yomweyo, koma mabala anali akali aawisi, anawabweza. Chaka chino amayi a pakhomopo anabwera okha kudzaona amayi anga atadwala. Anafunsa za iye. Anati sankaganiza kuti akhalitsa chotere.

aPhiri a ku Chadiza: Ndiye khomo latseguka. Amalume apitenso, ulendo uno ndi anyakwawa. Mukapangane za kubweza pang'onopang'ono, ndipo zikalembedwe. Za kukhoti aZulu anena ngati pepala lotere lingathandize.

aZulu a zamalamulo: Kutentha ndi mlandu waukulu, sungathe chifukwa choti mabanja agwirizana. Koma pepala loonetsa kuti mudzi uli wokonzeka kumulandira ndiponso kuti pali womuyang'anira pa mankhwala limathandiza, loya akaliona adziwa poligwiritsa ntchito.

aTembo opuma ntchito: Ndiwonjezere kamodzi, kenaka ndikhale chete. Dziko lino linathetsa chilango cha imfa mu December 2022, tonse tinaombera m'manja. Koma munthu wodwala mutu ukamusiya m'selo zaka, osamuweruza, osamuchiza, thupi limatsala koma munthu uja amatha ukuona. NaSakala wanena kuti mlongo wake anamuyang'ana ngati mlendo. Mawu amenewo ndawamva kwa amayi ambiri pa geti. Musadikire kuti bajeti ya dziko isinthe. Zimene takambirana za msonkho ndi za aphungu zitenga zaka. Iye afunika nyeleti mwezi uno.

aMbewe a ku Katete: Zoona. NaSakala, mukapita kukamuona pemphani kuonana ndi woyang'anira zaumoyo wa pamenepo, mumuuze dzina la nyeleti ndi tsiku limene analasidwa komaliza. Nthawi zambiri iwo sadziwa n'komwe kuti munthu anali pa mankhwala, chifukwa wodwala sanena ndipo kadi linatsala kunyumba. Akakuuzani kuti alibe, funsani ngati angalole kuti mubweretse yogula ndi kalata ya kuchipatala.

Abusa aMwale: Ikakhala yogula, ya miyezi itatu yoyamba mpingo wathu ulipira. Ndalankhula kale ndi asungichuma.

aBanda (woyang'anira gulu): Aphunzitsi aDaka, lembani kalata ya zopempha zathu ndi mfundo zimene zatuluka: dokotala wobwera kuno, tsiku la namwino m'ndende, mankhwala osasowa m'makiliniki, gawo la msonkho wa mowa, ndi chithandizo cha opwetekedwa monga anenera Amake Chikondi. Muiike pano tiikonze tonse tisanapite nayo kwa akhansala ndi kwa aphungu. Amene angathe kupita nawo alembe dzina pansipa.

Amake Chikondi: Ndilembeni. Koma ndikafika kumeneko ndikanena za atate anga, musakandiletse.

Mphunzitsi Daka: Mukayambe ndinu kulankhula amayi.

Jere wa njinga: Ine kulankhula pamaso pa akuluakulu sindimatha. Koma amama NaSakala, tsiku lopita ku Legal Aid mundiuze, ndikunyamulani ulere.

NaSakala: Zikomo nonse, misozi ikungotuluka. Amayi aimba madzulo ano. Kadi lapezeka, anali analiika m'kati mwa Baibulo lawo. Mwana wa asisi wawerenga pafoni, tsiku lomaliza kulasidwa lalembedwa bwinobwino, ndipo pa miyezi itatu ija namwino analemba yekha kuti mankhwala kulibe. Alitumiza mawa ndi minibasi yoyamba. AZulu, kodi ndipite nalo lenilenilo kapena ndiyambe ndajambulitsa? Mlandu ulowanso Lachinayi sabata yamawa.

aZulu a zamalamulo: Jambulitsani makope atatu. Lenilenilo musapatse munthu aliyense, muzingoonetsa. Lolemba m'mawa ndikudikirani pa geti la khoti 8 koloko, tipitire limodzi kwa loya.